NKHUKU ZA PAKHOMO NDI MALAMULO OZILETSA: TISATSEKE NKHOKWE YA MAYI

Mawu amene adayankhulidwa pa msonkhano wa mamembala a makalabu ku Nsanama, m'boma la Machinga



Nkhani imene yatisonkhanitsa ena angaione ngati yaing'ono. Ndi nkhani ya nkhuku, zomwezi zimayendayenda pakhomo n'kumapalasa kudzala. Koma aliyense wa ife akudziwa kuti mwana akatentha thupi usiku, ndalama ya njinga yopita naye kuchipatala imachokera mkhola la nkhuku. Yunifolomu, makope, sopo, mchere, ndalama ya kuchigayo, sheya ya ku banki mkhonde, zonsezi thadzi limodzi kapena tambala amatha kulipira. Mlendo akafika, pa Idi, pa Khirisimasi, pa sadaka, pa chinamwali, ndiwo yake ndi nkhuku. Kuno mabanja ambiri saweta nkhumba chifukwa cha chipembedzo, ng'ombe zili ndi anthu owerengeka, ndipo mbuzi si khomo lililonse lili nayo. Chiweto chimene mayi wamasiye, gogo wolera adzukulu ngakhale mwana wasukulu angathe kukhala nacho ndi nkhuku. M'mabanja ambiri ndi chuma chokhacho chimene mayi amagulitsa osayamba wapempha kwa munthu. N'chifukwa chake lamulo lililonse lokhudza nkhuku limakhudza mphika wa pakhomo.

Zaka za njala zatiphunzitsa

Akuluakulu muli pano mukukumbukira njala ya 2002, pamene boma lidalengeza mu Febuluwale kuti dziko lili pa ngozi. Idabweranso mu 2005. Mu 2015 kudasefukira madzi, ndipo chilala cha 2016 chidasiya anthu oposa 6 miliyoni akudikira thandizo la chakudya. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy adakokolola mbewu, nyumba ndi ziweto m'chigawo chino cha kummwera. Chaka chotsatira, pa 23 Marichi 2024, boma lidalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa maboma 28, ndipo kauniuni adapeza kuti anthu 5.7 miliyoni asowa chakudya kufikira Marichi 2025. M'chaka chimenecho dziko lonse lidamva kuti mabanja ena a kuno ku Machinga akuphika chitedze.

M'zaka zonsezi banja limayamba ndi ganyu, kenako kugulitsa nkhuku, kenako mbuzi ngati ilipo, pomaliza njinga, wailesi ndi malata. Banja lomwe lili ndi nkhuku khumi limagulitsa imodziimodzi n'kumagula chimanga cha pa mbale mpaka maungu ndi mondokwa zitacha. Banja lopanda nkhuku limathamangira katapira, kapena kusiya munda wake uli thengo n'kukalima wa eni ake. Nkhuku sithetsa njala, koma imathandiza banja kuwoloka miyezi yovuta lisanagulitse khasu ndi mphika.

Pali zoletsa za mitundu itatu zimene mlimi wa nkhuku amakumana nazo. Tizione chimodzichimodzi, tivomereze pamene pali nzeru, ndipo tinene poyera pamene pakutipweteka.

Choyamba: lamulo la m'mudzi lotsekera nkhuku

Mvula ikagwa, mafumu ambiri amalamula kuti mbuzi zimangidwe, ndipo m'midzi ina lamuloli limafikanso ku nkhuku. Chifukwa chake n'chomveka. Nkhuku imafukula mbewu yongobzalidwa kumene, imadya nsonga za chimanga chongomera, imabalalitsa mapesi amene taphimbira pa ulimi wa mleranthaka, ndipo nazale ya tomato kapena mpiru imatha kuitha m'mawa umodzi. Mbewu ndi feteleza zidakwera mtengo kwambiri kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Munthu amene wagula paketi ya mbewu movutikira ali ndi ufulu wodandaula nkhuku za mnzake zikamufukulira. Ifenso ndife alimi a chimanga, ndipo zimenezi zimatiwawa.

Koma tiyeni tiwerenge limodzi. Nkhuku yachikuda imadzipezera yokha chakudya chake chambiri: chiswe, ziwala, nyongolotsi, njere za udzu, masamba ndi zotsalira za pamtondo. Mukaitsekera, zonsezo muyenera kuipatsa ndinu. Nkhuku yaikulu imadya pafupifupi magalamu 100 pa tsiku. Nkhuku khumi ndiye kilogalamu imodzi pa tsiku, makilogalamu 30 pa mwezi. Lamulo likati zitsekeredwe kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, ndiye makilogalamu 90, pafupifupi matumba awiri. Kumbukirani kuti chimanga cha thandizo chimene banja lonse limalandira pa mwezi ndi thumba limodzi la makilogalamu 50. Kumbukiraninso kuti miyezi yomweyo ndi imene madeya amasanduka ufa wa anthu.

Ndiye chimachitika n'chiyani? Mayi amene sangathe kudyetsa nkhuku zotsekera amazitengera pamsika. Anzake a m'mudzi womwewo nawonso atengera zawo tsiku lomwelo. Nkhuku zikachuluka pamsika mtengo umagwa, mavenda amagula motchipa n'kukweza pa galimoto kupita nazo ku Liwonde, Zomba kapena Blantyre. Pofika mwezi wa Febuluwale, pamene chimanga chafika pa mtengo wapamwamba, pakhomo palibenso chogulitsa. Amene wapirira n'kutsekera popanda chakudya chokwanira, nkhuku zake zimaonda, zimasiya kuikira, zimayamba kujomphana ndi kudya mazira. Lamulo lofuna kuteteza chakudya cha m'munda latha chakudya cha pakhomo.

Ife tikuti lamuloli likhale ndi malire. Nthawi imene nkhuku imaononga kwambiri chimanga ndi kuyambira tsiku lobzala mpaka masabata awiri kapena atatu chitamera. Chikakula kupitirira pamenepo, nkhuku m'munda imangotola tizilombo n'kusiyamo chitosi. Choncho mudzi ugwirizane masabata otsekera, osati nyengo yonse ya dzinja. Nazale ndi madimba a pafupi ndi nyumba azitchingidwa ndi mpanda wa udzu, mapesi kapena bango, monga ankachitira makolo athu. Kumanga mpanda pa nazale imodzi n'kosavuta kusiyana ndi kutsekera nkhuku za mudzi wonse. Chindapusa chizilingana ndi zomwe zaonongeka, ndipo chizipita kwa mwini munda. Si chilungamo kulanda thadzi loikira chifukwa cha mapando asanu a chimanga. Ndipo mchitidwe wothira tameki pa chimanga n'kumwaza m'malire a munda utheretu. Poizoni sasankha. Amapha nkhuku, agalu, ndipo nkhuku yofa nayo ikalowa mumphika imaika ana pa ngozi. Wochita zimenezi akayankhe kwa mfumu ndi kupolisi.

Chachiwiri: kuletsa malonda chitopa chikabuka

Mdani wamkulu wa nkhuku zathu ndi chitopa, chimene anzathu a chigawo chapakati amati chideru. Chimakonda nyengo yotentha, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba. Zizindikiro zake tonse timazidziwa: nkhuku imazyolika, mapiko amagwa ngati yavala jekete, imatsegula m'mimba zobiriwira, imapuma movutikira, ina khosi limapindika. Kumene nkhuku sizidalandire katemera, chimatha kupha theka kapena khola lonse m'masabata awiri. Chitopa chilibe mankhwala ochiza. Tsabola, phulusa, khonje ndi makapisozi a anthu zimene timasungunula m'madzi sizipha kachilombo kake.

Lamulo la dziko lino loona za matenda a ziweto limapatsa mphamvu a zaziweto kuletsa kuyendetsa kapena kugulitsa ziweto m'dera limene mwabuka matenda. Timamva zimenezi ku Chikwawa ndi Nsanje matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akagwa pa ng'ombe, ndinso kumadera a nkhumba chigodola chikabuka. Pa chitopa, kuleka kuyendetsa nkhuku n'kwanzeru, pakuti matendawa amayenda ndi ife eni ake. Nkhuku ziwiri zikafa, timathamangitsa zotsalazo kumsika zisanafe. Wogula amakaziphatikiza ndi zake, ndipo sabata isanathe mudzi wina wayamba kulira. Nsanama ili pamsewu wochokera ku Liwonde kupita ku Ntaja, ndipo nkhuku zimadutsa pano tsiku lililonse pa njinga, pa njinga zamoto ndi pa minibasi. Pamenepa tisanamizane, mbali ina ya vutoli ili m'manja mwathu.

Komabe chiletso chopanda katemera chili ngati kutseka chitseko fisi ali kale mkhola. Katemera wa chitopa woyenera kumudzi alipo, dzina lake I-2. Adapangidwa ndi akatswiri a pa University of Queensland ku Australia motsogozedwa ndi Pulofesa Peter Spradbrow, poganizira alimi a kumadera kopanda magetsi. Ntchito yolimbana ndi chitopa imene idachitika m'Malawi, Mozambique ndi Tanzania pakati pa 2002 ndi 2005 idathandiza kufalitsa katemerayu, ndipo kuno kwathu amapangidwa ku labotale yaikulu ya zaziweto ku Lilongwe. Ubwino wake ngwakuti amapirirako kutentha kusiyana ndi akatemera ena. Amasungidwa mufiriji, koma potuluka naye wotemera amatha kumukulunga m'kansalu konyowa, kuika m'kadengu n'kumayenda naye pamthunzi. Kaperekedwe kake ndi kadontho kamodzi m'diso la nkhuku iliyonse, kuyambira mwanapiye mpaka tambala. Amaperekedwa katatu pa chaka, pakatha miyezi inayi iliyonse. Chitetezo chimayamba pakatha sabata imodzi kapena awiri.

Apa ndi pamene ambiri timaphonya. Timafuna katemera nkhuku zitayamba kale kufa, ndipo zikapitiriza kufa timati katemera ndiye wapha. Katemera sachiza nkhuku yodwala. Amateteza yamoyo, ndipo ayenera kufika matenda asanafike. Akulu adati nkhanga zidapangana kusanapse. Mtengo wotemera khola lonse sufika pa mtengo wa nkhuku imodzi.

Choncho pempho lathu ku ofesi ya zaulimi ya Nsanama, ku khonsolo ya Machinga ndi ku likulu la Machinga ADD ku Liwonde ndi ili: katemera azipezeka pa nthawi yake, masiku otemera azilengezedwa mwezi usanafike, ndipo gulupu aliyense akhale ndi otemera ophunzitsidwa, theka la iwo akhale amayi. Alangizi a ziweto ndi ochepa ndipo madera awo ndi aakulu, sangafike khomo lililonse. Chiletso chikaikidwa, chilengezedwe ndi a zaziweto, anene malire a dera, anenenso tsiku lodzachiunikanso. Pasapezeke munthu wongodzuka n'kuyamba kulanda nkhuku pamsewu m'dzina la chiletso popanda chikalata kapena lisiti.

Tinenepo za chimfine cha mbalame. Chidafika ku Nigeria mu Febuluwale 2006, ndipo mu 2017 chidagwa m'mafamu akuluakulu a ku Zimbabwe ndi South Africa. Kumene chafika, boma limapha nkhuku zonse za pamalopo. Phunziro limene maiko adatolapo ndi lakuti popanda chipukutamisozi alimi amabisa nkhuku kapena kuzigulitsa usiku, matenda n'kufalikira. Tikupempha boma kuti ndondomeko ya chipukutamisozi ikhale yolembedwa ndi yodziwika kwa alimi tsoka lisanagwe, ndipo iwerengere mayi wa nkhuku zisanu chimodzimodzi ndi mwini famu.

Chachitatu: zaukhondo ndi malamulo a m'matauni

Makhonsolo a mizinda ali ndi malamulo oletsa kuweta mwachisawawa pakati pa nyumba zothithikana. Malo a malonda ngati Nsanama, Ntaja, Ulongwe ndi Liwonde akukula, mapoloti akuchepa, ndipo madandaulo a fungo, ntchentche ndi nkhuku zolowa m'makhitchini a eni akuchuluka. Mantha athu ndi akuti tsiku lina malamulo olembedwera Blantyre adzangokoperedwa n'kuikidwa pa anthu amene moyo wawo ndi wa kumudzi. Okhala pa malo a malonda ambiri alibe munda waukulu. Amadya zogula, ndipo mitengo ikakwera amayamba kuvutika ndi iwo. Kuwaletseratu nkhuku ndi kuwalanda ndiwo ndi ndalama nthawi imodzi.

A zaumoyo akamatiuza kuti tisagone ndi nkhuku m'nyumba, akunena zoona. Mwana wokwawa amatola chilichonse n'kuika mkamwa, ndipo chitosi chili ndi tizilombo totsegula m'mimba. Mwana wotsegula m'mimba pafupipafupi sakula bwino ngakhale adye. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'dziko muno ndi opinimbira. Koma tifunsenso chifukwa chimene mayi amalowetsera nkhuku kuchipinda. Amaopa akuba. Khola lapanja limathyoledwa usiku, m'mawa nkhuku zili pa chiwaya. Tikafuna nkhuku zituluke m'nyumba, a chitetezo cha m'mudzi agwire ntchito, ndipo ogula nkhuku zambiri pamsika azidziwika kwa komiti ya msika. Yankho la chitosi ndi khola labwino, tsache, mphasa yoyera ya mwana ndi kusamba m'manja ndi sopo. Chitosi chosesedwacho ndi manyowa amphamvu a kudimba.

Tisasokonezenso matenda. Kolera amene adayambira m'boma lino mu Marichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno amafala ndi chimbudzi cha munthu chikalowa m'madzi kapena m'chakudya. Mankhwala ake ndi zimbudzi, madzi otetezedwa ndi kolorini. Kupha nkhuku sikuchotsa kolera.

Dzira ndi mwana

Timaphunzitsidwa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo gulu lovuta kupeza ndi la zanyama. Kuno timadalira matemba a ku Chilwa ndi nsomba za ku Chiuta, koma nyanja ya Chilwa idauma mu 1995, idaphweranso kwambiri mu 2012 ndi 2018. Nsomba zikasowa, chotsala pafupi ndi dzira. Ku Ecuador, kafukufuku amene zotsatira zake zidatuluka mu 2017 adaonetsa kuti dzira limodzi pa tsiku lidachepetsa kupinimbira pafupifupi ndi theka. Atayesa zomwezo kwa ana 660 a ku Lungwena ndi Malindi m'boma la Mangochi mu 2018 ndi 2019, msinkhu wa ana odya mazira sudasiyane ndi wa anzawo, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene ofufuzawo adatchula n'chakuti ana a m'mbali mwa nyanja amadya kale nsomba kawirikawiri. Ife tikutolapo kuti dzira si matsenga, koma mwana amafunika chakudya cha zanyama, kaya usipa kaya dzira, ndipo banja lisalandidwe njira yochipezera. Zikhulupiriro zoti mwana kapena mayi woyembekezera asadye mazira tizisiye.

Thadzi lachikuda limaikira mazira 10 mpaka 15 pa ulendo umodzi, n'kufungatira masiku 21. Anapiye ambiri amathera kwa mphamba, akhwangwala, likongwe ndi mvula asanakwane miyezi iwiri. Tikawasunga m'kakhola kapena pansi pa dengu masabata oyambirira, n'kumawapatsa madeya osakaniza ndi chiswe, nandolo kapena nseula zokazinga n'kusinja, masamba ndi madzi oyera, opulumuka amachuluka. Pamenepo sipafunikanso kuti dzira lililonse lifungatiridwe, ena amapita m'phala la mwana. Nkhuku za Mikolongwe, zimene dzina lake lenileni ndi Black Australorp, boma lakhala likuzifalitsa kwa zaka zambiri kuti zikweze mtundu wa zachikuda. Ndi zabwino, koma zimafuna chakudya ndi chisamaliro choposa, ndipo chitopa sichiziopa. Mabungwe ogawa nkhuku ayambe ndi katemera ndi khola, nkhuku zibwere pambuyo.

Lamulo limapangidwa ndi ndani?

Lamulo la maboma ang'ono la 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo a m'dera, koma ayenera kukambidwa ndi kuvomerezedwa pa msonkhano wa khonsolo ndi kusainidwa ndi nduna asanayambe kugwira ntchito. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala, ndipo tidazolowera kungolandira zogamulidwa kale. Nthawi imeneyo idapita. Tili ndi makhansala, tili ndi makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, tili ndi mabwalo a mafumu. Vuto ndi lakuti pa mabwalo amenewa oyankhula amakhala abambo, pamene nkhuku ndi za amayi. Amayi, musakhale kumbuyo pa mphasa n'kumangowomba m'manja. Mafumu athu, tikupemphani mwaulemu kuti lamulo lokhudza nkhuku lisadutse eni nkhuku asanayankhulepo.

Zimene tikupempha

1. Kutsekera nkhuku m'dzinja kukhale kwa masabata ogwirizana, ndipo nazale ndi madimba zitchingidwe.

2. Chindapusa chilingane ndi zoonongeka, chipite kwa mwini munda, ndipo wothira poizoni alangidwe.

3. Katemera wa I-2 apezeke katatu pa chaka, ndi otemera ophunzitsidwa kwa gulupu aliyense. Khonsolo iike ndalama ya ntchitoyi mu bajeti yake.

4. Chiletso cha malonda chilengezedwe ndi a zaziweto okha, chikhale ndi malire ndi tsiku lochiunikanso.

5. Pa malo a malonda, khonsolo inene za kamangidwe ka khola, ukhondo ndi chiwerengero cha nkhuku pa poloti, m'malo moletseratu.

6. Ziweto zikaphedwa ndi boma pofuna kuthana ndi matenda, mlimi alandire chipukutamisozi.

Zimene tikulonjeza

Wopempha naye akhale ndi mbali yake. Kalabu iliyonse ilembe m'kaundula mabanja oweta ndi chiwerengero cha nkhuku zawo, kuti tikapita ku khonsolo tikayankhule ndi manambala athuathu. Tisonkhe ndalama ya katemera mwezi wotemera usanafike, ndipo wotemera tizimulipira, pakuti naye wasiya ntchito kwake. Pokolola tisunge madeya, deya wa mpunga ndi nandolo wosweka, kuti masabata otsekera asatipeze manja ali m'khosi. Nkhuku yogula kapena yopatsidwa ikhale payokha masabata awiri isanasakanizidwe ndi zinzake. Yodwala tisaigulitse, yofa yokha tiikwirire mozama kapena kuitentha, osataya nthenga ndi matumbo kudzala. Ndipo nkhuku zathu zikaononga kwa mnzathu, tipite tokha tikapepese mlandu usanafike kwa mfumu.

Atsogoleri a makalabu, mfundozi mukaziwerenge pa misonkhano yanu, mukamve maganizo a mamembala, ndipo mubweretse makaundula anu pa msonkhano wotsatira. Komiti idzazipereka kwa mafumu, ku ADC ndi kwa makhansala athu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mlimi mmodzi sangasinthe lamulo, koma makalabu onse a Nsanama atayankhula chimodzi adzamveka mpaka ku boma.